INJINI YA MADALA YADZUKA

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti injini ya madala ija inathera pati, poti munaiona ili zidutswazidutswa pa mkeka kuseri kwa nyumba kwa masabata angapo. Ena mumadutsa n'kumaseka kuti ndayanika usipa wachitsulo. Lero ndifotokoze zonse kamodzin'kamodzi kuti ndisamayankhe mmodzimmodzi. Ndi yaitali, pezani pokhala. Ndipo muli mbali ina yondichititsa manyazi, amene aseke aseke.

Kwa inu a ku Joni amene munaiwala za kuno ku Senga Bay: injini yake ndi Yamaha Enduro 15 yakale ija, chivindikiro chake penti inasuluka kalekale. Madala anaigula ili yogwirapo kale ntchito, ine ndili Sitandade 3. Fizi yanga mpaka Fomu 4 inachokera pa pulopela yake. Malata a nyumba yathu chimodzimodzi. Ndipo si ife tokha, pa chilimila cha madala pamadya anthu 9, aliyense ndi banja lake. Ikangotsokomola injini imeneyi, m'makomo angapo pa Nguwo ndiwo zimasintha.

Inafa mu Julayi, mwezi uli mumdima. Anapita ku kauni cha kuseri kwa Maleri, usipa anaupeza bwinobwino. Pobwerera m'bandakucha mwera unayamba. Akuti injini inangosintha kalilidwe, mphamvu n'kumachepa, kenako zii. Mnyamata woyendetsa atakoka chingwe, chingwe gwa, osasuntha. Boti lodzaza nsomba, khoka lonyowa, mafunde akulowa, anthu n'kugwira nkhafi. Mng'ono wanga wa zaka 16 anali momwemo, ntchito yake inali kukapa madzi mpaka manja anatupa. Anafika padoko dzuwa lili pamutu, usipa utayamba kale kuphulika mimba. Amayi ogula anangouyang'ana n'kutchula mtengo wachipongwe. Koma palibe anatsala m'madzi, ndiye tsiku limenelo za mtengo palibe anadandaula.

Madzulo ake ndinaitsegula. Nditachotsa hedi ndinapeza silinda yapamwamba yakalikakalika, pisitoni itasungunuka mbali imodzi n'kupaka aluminiyamu pakhoma ngati phala lopserera mumphika. Maring'i atamatirira m'mizere mwake. Yapansi inali yabwinoko. Injini ikapsa chonchi, yapamwamba n'kuvulala kwambiri, maganizo amathamangira kumadzi, chifukwa madzi oziziritsa akachepa amayamba kusowa kumtunda. Ndiye ndinamasula mwendo kuti ndione pampu.

Impela mukuidziwa, kalabala ka mapiko kaja kamene kamakankha madzi kuchokera m'nyanja kukwera ku injini. Pakati pake pamakhala kachitsulo kogwira shafuti. Nditatsegula, mapiko onse anali bwinobwino, osathyoka ndi limodzi lomwe. Koma nditagwira labala n'kupotoza kachitsulo kapakati, kanazungulira kokha. Labala inali itamatuka. Ndiye kuti shafuti imazungulira, mapiko ali phee, injini ikuthamanga yopanda dontho la madzi.

Impela imeneyo ndinaiika ndine, mu Meyi.

Madala anandipatsa ndalama yokwanira yogulira yeniyeni. Tsiku lomwelo padoko panabwera mkulu wina wa chikwama cha masipeya, wa uja amayenda madoko onse, ali nayo yofanana ndendende pa mtengo wosafika ndi theka lomwe. Ndinaiyang'ana, ndinaipinda mapiko, ndinati labala ndi labala. Chenji ndinakonzetsera sikirini ya foni yomwe ndikulemberayi. Ndiye madzulo amenewo nditaona kachitsulo kakuzungulira kokha, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuiponya m'thumba la ovolosi.

Mlandu unagwera mnyamata woyendetsa. Madala anamukalipira pamaso pa alovi onse kuti iwe maso ako anali kuti, sunaone kuti injini yasiya kukodza? Zoona woyendetsa amayenera kumacheuka kuona kamadzi kaja kotuluka kumbuyo. Koma anzanga, usiku, mwera ukuwomba, madzi akukumenya kumaso, uone kamkodzo ka injini? Mnyamatayo sanayankhe. Anamuuza kuti ayambe wakhala kaye kumtunda. Ine ndinali pomwepo, dzanja lili m'thumba, ndili chete.

Patapita masiku awiri panabwera munthu wofuna kuigula yonse kuti akaphwasule azigulitsa zitsulo. Madala anatsala pang'ono kuvomera. Yatsopano sitikanaikwanitsa, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya injini inapita kumene sitingafikeko, ndi nkhani ya mamiliyoni. Ndinawapempha kuti andipatse mwezi umodzi. Anati, “Iwe za anthu umakonza makabuleta ndi mapulagi. Iyi yafa mtima.” Ndinati ababa, mtima wake ndi kiranki, ndipo kiranki ndaiona ili bwino. Anakongola ndalama kwa mayi wina amene amatigula usipa, pangano lake loti tikayambanso kupha tizimugulitsa iye yekha pa mtengo wake mpaka ngongole ithe. Amene mukudziwa mapangano amenewa mukudziwa kuwawa kwake.

Apa ndiye panayambira ulendo wa masipeya, ndipo apa mafana amene muli ndi injini zakale tcherani khutu.

Pa Salima boma ndinapeza mapulagi basi. Ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe, kukazungulira mashopu a kwa Malangalanga. Ndikangoti Yamaha 15, aliyense amati ilipo. Ndinagula paketi ya magasiketi, pachikuto palembedwa 15HP bwinobwino, ndinabwerera ndikumwetulira. Kufika kunyumba, kuika gasiketi ya hedi pa buloko, mabowo ena akulozana, ena akuphonyana pang'ono. Thiransipoti yapita, ndalama yapita, ndipo pa lisiti analemba kuti katundu akatuluka sabwezedwa.

Vuto ndi loti Yamaha 15 si imodzi. Zonse ndi masilinda awiri, 246 cc, pisitoni ya mamilimita 56, koma zinapangidwa mibadwo yosiyana. Pa bulaketi yomangira injini ku boti pali kachitsulo kolembedwa manambala. Pa yathu, nditapala dzimbiri ndi litsiro, panatuluka 684. Ndiye nambala za masipeya ambiri a Yamaha zimayamba ndi zilembo zitatu zosonyeza injini imene chitsulocho anachipangira poyamba. Zambiri zolowa mu yathu zimayamba ndi 682 kapena 6E7, chifukwa 9.9 ndi 15 za nthawi imeneyo buloko yake ndi imodzi. Paketi imene ndinagula ine imayamba ndi 63V, ya 15 ya m'badwo wapambuyo, imene ma injini ambiri a ku China anatengerako kapangidwe. N'chifukwa chake za 63V zili mbwee m'mashopu, pamene zathu n'zosowa. Palinso 6B4 ya ma Enduro atsopanowa. Pali zitsulo zina zimene zimalowa m'mibadwo ingapo, zina ayi, ndipo wogulitsa sangakuuze, mwina iyenso sakudziwa. Kuyambira tsiku limenelo sindipitanso kushopu wopanda chitsulo chakale m'manja ndi veniya m'thumba.

Ulendo wachiwiri ndi umene unandiseketsa. Silinda inali yoti ikaboledwe, ndiye ndimafuna mapisitoni a ovasaizi. Amakhalapo a 0.25 ndi a 0.50, ndiye kuti 56.25 ndi 56.50. Mikwingwirima ya yathu inali yakuya, yofunika 0.50. Mnyamata wina wa shopu ya zida za njinga zamoto anamva ndikufunsa, anati man musavutike, 56.5 ndili nayo. Anatulutsa pisitoni ya njinga ya 125, za mtundu wa CG zija. Kuyeza ndi veniya, eeh, 56.5 ndithu. Anati mwaona? Ingoikani, mtengo ndikuchotserani.

Ndikanakhala wa chaka chatha mwina ndikanatenga. Koma pisitoni ija ndi ya folo sitiroko. Ili ndi mizere itatu, wachitatu wa ring'i ya oyilo. Ndi yaifupi, bowo la pini ndi lina. Ndipo chachikulu, ilibe timisomali. Pa pisitoni ya thu sitiroko, mumzere uliwonse wa ring'i muli kamsomali kakang'ono koletsa ring'i kuzungulira. Chifukwa chake n'choti khoma la silinda yathu lili ndi mawindo, olowera mafuta ndi otulukira utsi. Ring'i ikamazungulira, tsiku lina kukamwa kwake kumafika pawindo, nsonga n'kukola, n'kuthyoka, basi mwaphanso injini kachiwiri. Ndinamufotokozera, anangoti inu a kunyanja mumavuta.

Mapisitoni enieni anachokera ku Dar es Salaam. Msuweni wanga wamkazi amapita ku Kariakoo kukapikula zitenje ndi nsapato, za injini sadziwa kalikonse. Ndinamulembera manambala papepala, ndinamupatsa pisitoni yabwinoko ija itakulungidwa m'nyuzi, ndipo ali mushopu tinaimbirana vidiyo. Ndinamuuza kuti aziike ziwirizo pagalasi moyandikana, andionetse msinkhu, andionetse pamwamba, alowetse pini yakale m'bowo la yatsopano, andionetse pali timisomali. Mwini shopu anafika potopa nafe, ndimangomva akulankhula Chiswahili mokweza. Koma zinabwera zolondola: mapisitoni awiri a 0.50 ndi maring'i ake, magasiketi a 682, masilo a kiranki, ndi pampu yonse yamadzi, impela, kapu yake ndi mbale yapansi. Zinadutsa pa Songwe zili pakati pa zitenje.

Chinatsala ndi kondirodi yapamwamba. Kumutu kwake kunali kutasanduka buluu ndi moto, ndipo tinsingano tozungulira pini tinali titapsa. Anthu anandilozera kwa mdala wina ku Chipoka amene ali ndi shedi yodzaza injini zakufa. Amene simunafikeko, kuli ngati manda. Ma Yamaha, ma Suzuki, ma Mariner, zina zoti ine sindinazionepo, zonse zili pa mashelefu, ndipo mdalayo amadziwa chitsulo chilichonse pamene chili. Anafukula kiranki yathunthu ya 684 imene buloko yake inasweka, anaiika pa timitengo tiwiri, n'kumaizunguza pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Anati tenga yonse, kusiyana n'kuti ukaphwasule yako ndi hamala.

Tikuwerengerana ndalama anandifunsa kuti, “Kodi inafa bwanji?”

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinatulutsa impela ija m'thumba, poti ndimayenda nayo ngati chithumwa. Anaipotoza kamodzi, kachitsulo n'kuzungulira.

“Anaika ndani iyi?”

“Ndine, madala.”

“Bambo ako akudziwa?”

Ndinangoyang'ana pansi. Sanandilalikire ayi. Anandibwezera, n'kunena kuti thiransipoti ya ku Salima imavuta ikakwana 4 koloko, ndinyamuke.

Buloko ndinapita nayo ku Lilongwe kwa oboola. Apa langizo ndi limodzi: musaboletse musanagule pisitoni. Pitani nayo pisitoniyo, woboola ayeze yomweyo, chifukwa mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma ndi wochepa kuposa tsitsi, sungauyerekeze ndi nambala ya pa katoni. Itabwera, milomo ya mawindo aja inali yakuthwa ngati lezala. Ndinakhala tsiku lathunthu ndi kafayilo kakang'ono ndi sandipepa kuifewetsa kuti isamadye maring'i. Kenako kutsuka ndi madzi otentha ndi sopo, osati petulo yekha, mpaka kansalu koyera kotikita m'silinda katuluke koyera. Mayi anga anaona ndikusambitsa chitsulo m'beseni lawo, anangopukusa mutu.

Tsopano imvani za azungu a mu chipale. Usiku wina ndikufufuza pa YouTube za kuika masilo a kiranki, ndinagwera pa vidiyo ya mdala wina wa ku Canada akukonza snowmobile yakale. Ndi kanjinga koyenda pa chipale chofewa chozizira chija, kutsogolo kuli ngati mapazi awiri otsetsereka, kumbuyo lamba. Ine chipale ndimachidziwa cha mufiriji ndi cha oika nsomba basi. Ndinati ndione kaye zodabwitsazi. Atatsegula injini, ndinadzuka pamkeka. Thu sitiroko ya masilinda awiri, mapisitoni a timisomali, mawindo pakhoma, zonse ngati yathu. Ndipo mdalayo amadandaula zomwezomwezo, kuti injini ndi ya zaka zambiri, masipeya anasiya kupezeka, wagula gasiketi yosalozana. Ndinaseka ndekha usiku. Munthu wavala majekete atatu, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa, koma mavuto ake ndi a pa Nguwo.

Kwa iyeyo ndinaphunzira chinthu chimene sindinaonepo makaniko aliyense wa padoko akuchita. Asanaibwezere injini m'malo mwake, anatseka polowera mafuta ndi potulukira utsi, n'kupopera mpweya pang'ono mkati, kenako n'kuthira madzi a sopo m'malumikiziro monse. Nkhani yake ndi iyi: mu thu sitiroko, petulo wosakaniza ndi oyilo amadutsa kaye m'chipinda cha kiranki asanakwere ku silinda. Silo ikamadontha, injini imayamwa mpweya wakuba, mafuta amachepa, oyilo amachepa, moto umakwera, pisitoni n'kusungunuka ngakhale madzi akuyenda bwinobwino. Zija timati injini yalodzedwa, yangokonzedwa kumene koma yapsanso, zina zimakhala zimenezi.

Ine zida zake ndilibe. Ndinadula chubu chakale cha galimoto n'kutsekera mabowo ndi timatabwa, valavu ya chubu cha njinga ndinaimatirira pa kathabwa ka polowera mafuta, pampu ndinabwereka kwa wa kabaza. Kupopa kawiri katatu basi, osati ngati tayala, mungatulutse masilo. Kuthira sopo. Pa silo yapamwamba, pansi pa fulayiwilo, thovu linayamba kufufuma ngati nkhanu ili pamchenga. Kuchotsa, ndinapeza kasipuling'i ka mkati mwa silo kanadumpha pamene ndimaiika. Silo yatsopano, yolondola, koma kuika kwanga. Ndikanangomanga osayesa, bwenzi pano tikukamba za maliro achiwiri a injini, mwina osati a injini yokha.

Zotsalazo zinayenda msanga. Maring'i ndinayamba ndawalowetsa okha m'silinda n'kuyeza kukamwa kwake ndi fila geji. Chilembo cha UP pa pisitoni chimayang'ana ku fulayiwilo. Mabawuti a hedi ndinamanga ndi toko renchi yobwereka, kuyambira apakati kumapita kunja, osati zomangira mphamvu za nsima zija. Thamositati ndinaibwezera. Ndikudziwa ambiri mumaitaya, mumati imatsekereza madzi, koma ine ndimaona kuti injini yoyenda yozizira kwambiri imadetsa mapulagi ndi kudya mafuta. Tidzakangana tsiku lina. Mu giya bokosi ndinathira oyilo watsopano wa 90.

Usiku woti mawa tiiliza, madala anali pakhonde akusoka khoka ndi tochi. Ndinakhala pansi pafupi nawo, n'kuika impela ija pa mkeka.

Ndinati, “Ababa, injini sanaphe ndi mnyamata uja. Ndinapha ndine.”

Ndinafotokoza zonse, za mkulu wa chikwama, za chenji, za sikirini. Anaitenga, anaipotoza monga anachitira mdala wa ku Chipoka. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndimamva mafunde okha. Ndimayembekezera mbama, ngakhale ndine wamkulu kale. Kenako anati, “Mng'ono wako anali m'boti muja.”

Ndinati ndikudziwa, ababa.

“Ine wandiuza. Mawa ukamuuze mwana wa eni ake uja, alovi onse ali pomwepo. Pamene ndinamunyozera ine ndi pomwepo.”

N'kupitiriza kusoka.

Ndiye amene munali padoko m'mawa uja munaona ndi maso. Ndinayankhula mawu akunjenjemera ngati mwana wa Sitandade 1. Ena anaseka, mmodzi anatukwana, siginala wathu anangoti mwana iwe. Mnyamata woyendetsayo sananene zambiri, anangoti, “Aise, masabata asanu ndakhala ndikudya kwa achemwali.” Mawu amenewo akundiwawabe. Ndinalonjeza kuti masiku amene anakhala kumtunda ndimulipira ine pang'onopang'ono kuchokera pa maganyu anga, ndipo ndayamba kale. Madala nawo anamupepesa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu wamng'ono.

Tinaimangirira pa mgolo wodzaza madzi. Chonde mafana, musamalize injini pouma ngakhale kwa kanthawi kochepa, impela imapsa nthawi yomweyo. Ndiponso zolowa ndi injini yoyaka mpaka pamchenga zija, mchenga ndi umene umadya kapu ya pampu. Ndinamupatsa chingwe woyendetsayo kuti akoke ndi iyeyo. Koyamba, zii. Kachiwiri inatsokomola. Kachitatu inalira, utsi wa buluu kuti tolo. Anthu anakuwa, koma ine sindimamva, maso anali kumbuyo kwa injini. Masekondi angapo aja anali ngati chaka. Kenako kamadzi kanatuluka, kowongoka, kamphamvu. Ndinaikapo dzanja mpaka kanayamba kufunda.

Nkhondo imene ilipo pano ndi ya maola 10. Injini yoboledwa kumene imafuna oyilo wowirikiza, 25 kwa 1, ndiye kuti mamililita 800 pa malita 20 a petulo, ndipo osaikoka mpaka kumapeto nthawi yaitali. Ikatha maola 10 tibwerera pa 50 kwa 1, mamililita 400 pa malita 20. Oyilo wake wa thu sitiroko wa injini za m'madzi, osati wa galimoto wotsala m'zigubu uja. Alovi akudandaula kuti maboti ena akutipitirira, tikufika pa malo anzathu ataponya kale. Madala dzana anati ndiwonjezere pang'ono, ndinakana, anandiyang'ana n'kundisiya. Ndikumapita nawo ndekha usiku uliwonse, ndimakhala kumbuyo ndi tochi, maola ndikulemba ndi msomali pa thabwa la boti. Pafika mizere 7.

Impela yakale ija madala anaimanga ndi kachingwe pa chogwirira injini, imangolendewera pamenepo. Sanandiuze chifukwa chake ndipo sindinafunse. Ngongole ya mayi uja yatsala yoposa theka.

Paketi ya magasiketi a 63V ikadalipo, sinagwire ntchito, amene injini yake ndi imeneyo andipeze tikambirane. Koma ubwere ndi nambala ya pa bulaketi. Ndipo amene unabwereka sipanala yanga ya 10 Lachiwiri, ndikukudziwa, bweza.